Foni, ndalama ndi mbava za pa intaneti: mafunso ndi mayankho kwa oyamba kumene m'chigwa cha Shire

Kuchokera pa Thabwa kutsetsereka ndi msewu wa M1 mpaka ku Marka, n'kovuta lero kupeza msika wopanda kanyumba ka Airtel Money kapena Mpamba. Ndalama za thonje, za mbuzi, za ganyu wa m'minda ya nzimbe, zonse zikudutsa m'foni. Koma ambiri mwa ife tinangogula foniyo n'kuyamba kudina, popanda wotiuza pamene pali msampha. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amamveka kawirikawiri ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndipo mayankho ake ndalemba moganizira munthu amene akuyamba kumene.

Ine kompyuta ndilibe, ndili ndi kafoni ka mabatani basi. Nkhaniyi ikundikhudza?

Ikukukhudzani, mwinanso kuposa mwini laputopu. Kafoni kanuko ndi kamene kamalandira ndalama zochokera kwa mwana wanu ali ku Blantyre kapena ku Joni, ndipo wakuba akufuna ndalamazo, osati kukongola kwa foni.

Akatswiri othyola makina alipo ndithu. Mu February 2024 boma linaimitsa kusindikiza mapasipoti, ndipo Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makompyuta a nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko analowereredwa ndi anthu amene ankafuna dipo. Koma mayi wogulitsa nsomba pa Bangula sakumana ndi anthu amtundu umenewo. Amene amakumana naye ndi munthu wa pakamwa pokoma, waulemu wake, amene amaimba foni n'kumupempha kuti apereke yekha zimene akufunazo. Ng'ona ya mu Shire siyendera anthu m'makomo. Imadikira padooko pamene anthu anazolowera kutunga madzi osayang'ana kawiri. Mbavazi nazo zimadikira pa zinthu zimene timachita mwachizolowezi: kuyankha foni, kutumiza ndalama, kudina linki imene mnzathu waponya pagulu.

Ndinalandira meseji yoti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi" tsiku lomwe ndimafunadi kutumiza ndalama. Anadziwa bwanji?

Sanadziwe, ndipo si ufiti. Meseji imodzimodziyo aitumiza kwa anthu mazanamazana, manambala akungowapeka motsatizana. Pa anthu onsewo sipalephera kupezeka mmodzi amene akuyenera kulipira lendi, fizi kapena ngongole ya ku banki m'khonde tsiku limenelo, makamaka kumapeto kwa mwezi pamene a ku Nchalo alandira. Mwa mazana aja akagwa mmodzi yekha, tsiku lawayendera.

Mankhwala ake ndi amodzi: imbirani mwini ndalamayo pa nambala yake imene mumaidziwa kale, mumve mawu ake. Meseji ikanena kuti "foni yanga yagwera m'madzi, musaimbe," dziwani kuti akukutsekani pakamwa dala.

Munthu waimba, akuti watumiza ndalama molakwika pa nambala yanga. Ndimubwezere?

Zimayenda motere. Foni yalira, meseji yalowa, ikuti mwalandira K45,000, dzina la wotumiza lilipo, manambala ena ambirimbiri aliponso. Musanamalize n'kuwerenga komwe, foni yaitana. Ndi mawu a mayi, akumveka ngati akulira: "Pepani bambo, ndaphonya nambala imodzi. Ndalamazo n'za kuchipatala, mwana wagonekedwa. Chonde ndibwezereni, mutapepo 5,000 ya sopo." Inu chifundo chakugwirani, mwatumiza 40,000. Madzulo mukuyang'ana balansi, zanu zomwe munasunga zogulira mbewu zapita, ndipo K45,000 ija sinalowe n'komwe. Meseji ija anailemba ndi zala zake mayi yemweyo.

Yambani mwayang'ana kumene meseji yachokera. Yeniyeni imabwera ndi dzina la kampani, pamalo pomwe pali mameseji ena akale a ndalama. Yabodza kawirikawiri imachokera pa nambala wamba yoyamba ndi 099, 098 kapena 088. Koma musadalire meseji yokha. Dulani foni, muone balansi nokha, *211# pa Airtel Money kapena *444# pa Mpamba. Ngati balansi sinasinthe, nkhani yathera pomwepo.

Nanga ngati ndalama zalowadi? Musazidye, si zanu, komanso musathamangire kuzibweza nokha. Muuzeni wotumizayo akadandaule ku kampani ya foni kuti ndiyo izibweze. Mukabweza nokha iye atakadandaula kale, zikhoza kuchoka kawiri.

Pali kachenjerero kena kamene kagwetsa anthu ophunzira omwe. Pambuyo pa mayi uja pamaimba bambo wa mawu aulamuliro, akuti ndi wa ku kampani, akuthandizani kubweza, apo ayi akaunti yanu aitseka. Ndiye amayamba kukuwerengerani: dinani ichi, kenako ichi, lembani nambala iyi, tsopano PIN. Zimene mukudinazo ndi njira yotumizira ndalama zanu kwa iye. Wantchito weniweni wa kampani kapena wa banki sakufunsani PIN ndipo sakuyendetsani chala pa foni.

Agogo anga sadziwa kuwerenga, potapa ndalama amapereka foni ndi PIN kwa ejenti. Titani?

Ili ndi funso lovuta kuposa onse, chifukwa malangizo oti "PIN ndi chinsinsi chanu" amalembedwa ndi anthu amene sanaimepo pamzere tsiku lolandira. Kaimeni pa kanyumba ka ejenti pa Ngabu tsiku la msika muone: dzuwa likuswa mtengo, anthu apanikizana pamthunzi wa kadenga, agogo amasula kansalu, atulutsa foni n'kuipereka. Ejenti afunsa, "PIN yanu, agogo?" Iwo ayankha mokweza kuti awamve bwino, ndipo mzere wonse wamva, mpaka anyamata a kabaza ali poteropo.

Ma ejenti ambiri ndi anthu okhulupirika amene akungofuna kuthandiza, koma PIN ikatchulidwa pagulu yatha ntchito. Chimene ndaona kuti chimathandiza ndi kuwaphunzitsa agogo malo a mabatani, osati manambala. Munthu amene sawerenga amatha kukumbukira kuti chala chiyambe pakona yam'mwamba, chitsike pakati, chipite kwinaku. Yesani nawo kunyumba kangapo mpaka chala chizolowere. Ejenti achite zina zonse, koma pa PIN foni ibwerere m'manja mwa mwini wake.

Zikakanika, pabanja pasankhidwe munthu mmodzi yekha wowaperekeza, yemweyo nthawi zonse, kuti ndalama zikasowa pasakhale kulozana zala mudzi wonse. Asanachoke pa ejenti awerenge ndalama ndi kuona meseji ya zotsala. PIN isalembedwe kuseri kwa foni kapena pa kapepala ka pansi pa batire, pakuti wotola foni amayamba kuyang'ana pomwepo. Isakhalenso chaka chobadwa, chifukwa chili pa chiphaso cha unzika chimene chimayenda m'kansalu komweko; isakhale 1234, 0000 kapena manambala omalizira a foni yanu.

Pasiwedi yabwino ndi yotani? Ine ndimaiwala.

Ikhale yaitali. Mawu anayi osagwirizana, monga mlamba, chidebe, njinga ndi mvula, mutawalumikiza n'kuikapo nambala pakati, ndi ovuta kuwalota kuposa dzina la mwana wanu ndi chaka chake chobadwa, komanso savuta kukumbukira. Amenewa musawagwiritse ntchito, awerengedwa kale pano, pezani anu. Kulemba m'kope n'kulisunga m'sutikesi kunyumba si tchimo. Choipa ndi kukhala ndi pasiwedi imodzi ya Facebook, imelo ndi banki, chifukwa wopeza imodzi walowa monse.

Tsono dzifunseni: akaunti ya Gmail imene ili m'foni yanu anakutsegulirani ndani? Kwa ambiri kuno ndi mnyamata wa pashopu pomwe anagula foni, kapena mphwawo wa ku sekondale. Munthu ameneyo amadziwa pasiwedi imene mwini wake simuidziwa, ndipo mu akaunti imeneyo muli manambala a anthu anu, mwinanso zithunzi. Mufunseni akuuzeni, muisinthe, muikemo nambala yanu ya foni yoti izithandiza mukaiwala. Chitaninso chimodzimodzi ndi Facebook.

Mnzanga wa pa WhatsApp akuti nditumize manambala 6 amene abwera pa foni yanga molakwika. Pali vuto?

Lalikulu. Manambala amenewo WhatsApp imatumiza pa SMS munthu akamatsegula akaunti pa foni yatsopano. Ngati abwera inu musanapemphe, ndiye kuti wina walemba nambala yanu pa foni yake, ndipo chatsala ndi manambala okhawo kuti akulandeni akaunti. Amene akukupemphaniyo si mnzanu. Akaunti ya mnzanuyo inabedwa kale mwa njira yomweyo. Akalowa mu yanu ayamba kulembera abale anu, a kumpingo, a m'gulu la maliro, kupempha ngongole ya changu m'dzina lanu.

Njira ina yofala ndi kuimba foni kuti pali msonkhano wa pa intaneti wa gulu lanu la mpingo kapena la aphunzitsi, ndiye mutchule khodi kuti akulowetseni. Ndi msampha womwewo.

Tsekani khomo limeneli lero. Mu WhatsApp pitani pa Settings, kenako Account, kenako Two-step verification, muike PIN yanu ya manambala 6. Mukatero, ngakhale wina atapeza khodi ya pa SMS amakakamira pa PIN. Ngati akaunti yabedwa kale, lembaninso nambala yanu mu WhatsApp pa foni yanu. Khodi yatsopano ikabwera n'kuilowetsa, wakubayo amatulutsidwa. Ngati anaikamo PIN yake, mudikira masiku 7 musanalowe, choncho achenjezeni abale pa foni msanga.

Pagulu paponyedwa linki yoti tilembetse thandizo la okhudzidwa ndi madzi osefukira. Ndi yoona?

Kuno nyambo imeneyi ndi imene imagwira kwambiri, pa chifukwa chomveka. Amene anaona madzi a mu January 2015, anamondwe Idai mu March 2019, Ana mu January 2022 ndi Freddy mu March 2023 amadziwa kuti kuphonya kalembera ndi kugona ndi njala. Ndiye linki ikabwera ndi chizindikiro cha boma kapena cha bungwe lodziwika, ikuti otsala ndi ochepa, lembetsani lero, munthu sadikira.

Kumbukirani mmene kalembera weniweni amayendera. Amadutsa kwa mafumu, m'makomiti a m'mudzi oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ndi ku khonsolo, mogwirizana ndi DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozizi. Anthu amabwera, mumawaona ndi maso. Mtukula Pakhomo salembetsa pa WhatsApp, ndipo palibe thandizo la boma limene mumayamba mwalipira kuti dzina lanu lilowe. Linki yabodza imadziulula yokha mukafika kumapeto: imakuuzani kuti muitumize ku magulu asanu kapena kwa anzanu khumi musanalandire. Zomwezo ndi za mabandulo aulere ndi mphoto za mpikisano umene simunalowe.

Phunzirani kuwerenga adiresi ya tsamba. Dzina lenileni la mwini tsamba ndi limene lili kumapeto, pafupi ndi kamzere kopendekera koyamba. Masamba ambiri a boma la Malawi amathera ndi .gov.mw. Adiresi ikayamba ndi dzina la boma kapena la kampani koma n'kuthera ndi zilembo zachilendo, mwini wake ndi wa zilembo zachilendozo. Kaloko kamene kamaoneka pambali pa adiresi kasakunamizeni: kamangonena kuti zimene mukulemba sizikuwerengedwa m'njira, sikanena kuti amene akuzilandira ndi wolungama. Mbava nazo zili ndi timaloko.

Ngati munadina kale koma simunalembe kanthu kapena kuika app iliyonse, kawirikawiri palibe chachitika, ingotsekani tsambalo. Ngati munalemba pasiwedi, isintheni pompano.

Kwathu kulibe magetsi, foni ndimaisiya kotchajitsa tsiku lonse. N'zoopsa?

Foni zambiri za ku East Bank, ku Makhanga ndi m'midzi ya kwa Chapananga zimatha maola ambiri m'manja mwa anthu ena. Pa shelefu ya wotchajitsa pamakhala mafoni makumi angapo, iliyonse ili ndi kapepala ka dzina komata ndi selotepi, mwini shopu ali kalikiliki kumeta munthu, ana akulowa ndi kutuluka. Foni yosakhoma pamenepo aliyense angawerenge mameseji, kuona balansi m'mameseji akale, kapena kulumikiza WhatsApp yanu ku kompyuta yake m'kanthawi kochepa.

Ikani loko wa sikirini, makamaka wa manambala, chifukwa kajambulidwe ka chala kamasiya mzere wa mafuta pagalasi. Izimitseni poisiya, imadzazanso msanga ndipo situkusira kwambiri ndi kutentha kwathu kuno. Ngati ndi kafoni ka mabatani kopanda loko, chotsani SIM khadi mupite nayo. Kokonzetsa foni chotsaninso memory khadi. Nthawi ndi nthawi tsegulani Linked devices mu WhatsApp. Mukaona chida chimene simukuchidziwa, chitulutseni.

Netiweki yangosowa pa foni yanga yokha, anzanga ali nayo. Ndidikire?

Zimitsani foni n'kuyatsanso, yesani SIM khadiyo mu foni ina. Amene muli cha ku Marka onetsetsaninso kuti foni sinakoke netiweki ya ku Mozambique, zimachitika. Zonsezi zikakanika, musagone. Mwina wina wakatenga SIM khadi yatsopano ya nambala yanu ponamizira kuti ndi inu, ndipo mameseji anu a ndalama ndi makhodi akupita kwa iye. Bwerekani foni muimbire kampani yanu ndi banki yanu kuti atseke, kenako mupite ku shopu yawo ndi chiphaso.

Apa mpamene chiphaso cha unzika chimalowera. Kalembera wa ziphasozi anachitika mu 2017, ndipo kuyambira 2018 SIM khadi iliyonse imayenera kulembetsedwa m'dzina la munthu. Wopeza chithunzi cha chiphaso chanu wapeza dzina, tsiku lobadwa ndi nambala yake, zomwe ndi zambiri mwa zimene amafunsa pofuna kutsimikiza kuti ndinu. Musachibwereketse kuti wina akalembetsere SIM khadi, ngakhale akupatseni ya mchere, chifukwa nambalayo ikadzabera munthu apolisi adzagogoda pakhomo panu. Musaponye chithunzi chake pagulu la WhatsApp, ndipo kochititsa fotokope musasiye mapepala olakwika m'bini.

GB WhatsApp ili ndi zinthu zambiri kuposa inayi. Ilakwika chiyani?

Siinapangidwe ndi eni WhatsApp, sipezeka pa Play Store, ndipo palibe akudziwa zimene amene anaisintha anaikamo. Mameseji anu onse akudutsa m'manja mwake. Eni WhatsApp amatsekanso maakaunti ogwiritsa ntchito zoterezi.

Ndikudziwa kuti bandulo ndi yodula, n'chifukwa chake timagawana ma app pa Xender. Nyimbo ndi mavidiyo gawanani, koma app, makamaka ya banki kapena ya ndalama, itengeni pa Play Store basi. Ikamalowa muone zimene ikupempha. Tochi ikufuna kuwerenga ma SMS anu kuti itani? Samalaninso ndi ma app a ngongole za changu amene amapempha manambala onse a m'foni. Mukachedwa kubweza, ena amalembera apongozi anu ndi abusa anu.

Kompyuta ya kusukulu kwathu yameza mafayilo a pa fulashi, patsala timivi tokha. Zatayika?

Nthawi zambiri ayi. Ndi vayirasi yakalekale imene imabisa mafayilo enieni n'kuika zithunzithunzi zake zokhala ndi kamuvi pakona. Mukadina kamuviko mwaidzutsa, ndipo ilowa mu kompyutayo kudikira fulashi yotsatira. Umu ndi mmene imayendera kuchoka kobanitsa nyimbo kupita ku ofesi ya ahedi, kuchoka uko kupita kotayipitsa mayeso. Musadine, musafomatenso fulashiyo. Isikaneni kaye ndi antivayirasi, pulogalamu yosaka mavayirasi, kenako wodziwa akuthandizeni kuonetsa mafayilo obisika.

Antivayirasi yogula si yofunika kwenikweni kwa munthu wamba. Windows 10 ndi 11 zimabwera ndi antivayirasi yakeyake, Microsoft Defender, ndipo imagwira ntchito bwino ikamalandira zatsopano. Vuto la makompyuta a m'masukulu ndi m'maofesi athu ndi lakuti amatha chaka osalawa intaneti, ndiye mlonda wake sadziwa mbava za chaka chino. Ilumikizeni kamodzi pamwezi, ngakhale ndi hotspot ya foni. Mu May 2017 vayirasi ya WannaCry inatseka mafayilo m'makompyuta a m'maiko oposa 100, mpaka zipatala za ku Britain zinabweza odwala, chonsecho Microsoft inali itatulutsa kale chigamba chotseka bowolo miyezi iwiri m'mbuyomo. Amene anagwa ndi amene sanachiike.

Dziwaninso kuti Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 mu January 2020, ndi Windows 10 pa 14 October 2025. Kompyuta yotere ikhoza kutayipa makalata, koma si malo olowerapo mu akaunti ya banki. Ndipo pa kompyuta iliyonse ya anthu ambiri, mukamaliza tulukani mu akaunti yanu. Kutseka tsamba kokha si kutuluka. Ikafunsa ngati isunge pasiwedi, kanani.

Foni ikapita ndi madzi, zinthu zanga ndizipezanso bwanji?

M'chigwa muno madzi, kutentha ndi magetsi obwera mwamphamvu zawononga zinthu za anthu zambiri zedi, mwina kuposa mavayirasi. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo kuthimathima kunatenga miyezi yambiri. Mu October ndi November kutentha kumapyola madigiri 40, mabatire n'kumafufuma. Chinthu chimene chili pamalo amodzi okha chiwerengeni ngati chotayika kale.

Akaunti ya Google imapereka malo aulere okwana 15 GB. Manambala a anthu asungeni mu akauntiyo, osati mu foni kapena mu SIM khadi mokha. Mukadzagula foni ina n'kulowa ndi pasiwedi yanu, onse abwerera. Jambulani satifiketi ya MSCE, makalata a malo, buku la kuchipatala ndi kaundula wa gulu lanu la banki m'khonde, muziike pa Google Drive. Manambala khumi ofunika kwambiri alembeninso papepala, mulikulunge m'jumbo pamodzi ndi ziphaso. Amene anakhalako kumakampu amadziwa kuwawa kwa kubwereka foni koma osakumbukira nambala ya mwana wako.

Andibera foni. Ndiyambe chiyani?

Yambani ndi SIM khadi, chifukwa ndalama zili kumeneko. Itsekeni ku kampani, dziwitsani banki, sinthani pasiwedi ya imelo ndi ya Facebook pa foni ina. Ngati inali ya Android ndipo pasiwedi ya Google mukuidziwa, pitani pa android.com/find; foniyo ikakhala pa intaneti mukhoza kuona kumene ili, kuikhoma kapena kufufuta zonse. Mukaona malo ake musapiteko nokha, tengani apolisi.

Apolisi adzafuna IMEI, nambala yozindikirira foni yanu, ya manambala 15. Dinani *#06# lero foni ikadali m'manja, muilembe m'kope. Ikaninso PIN pa SIM khadi yeniyeniyo kuti isagwire ntchito mu foni ina, koma samalani: mukaphonya katatu imafuna PUK, nambala yoitsegulira, imene inalembedwa pa kakhadi kaja munathyolapo SIM.

Ndapezana ndi munthu pa Facebook, akuti andipezera ntchito kunja. Ndimukhulupirire?

Ntchito imene imayamba ndi "tumizani ya fomu," "ya mayeso a kuchipatala," "ya bwana woti akuikeni pamndandanda" ndi malonda a munthu, ndipo katundu wake ndinu. Kutaya ndalama ndi pang'ono. Amayi ambiri a ku Malawi anapita ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino, ena kudzera pa Facebook, atafika analandidwa mapasipoti n'kumagwiritsidwa ntchito ngati akapolo. Nkhani zawo zinamveka kwambiri mu 2024. Musanapereke khobidi kapena chithunzi cha pasipoti, kafunseni ku ofesi ya zantchito pa boma, ku Chikwawa kapena ku Nsanje, ngati wolemba anthuyo akudziwika.

Za chibwenzi cha mzungu amene watumiza katundu koma wakanirira pa bwalo la ndege mpaka mulipire, sindichedwapo. Katunduyo kulibe, mzunguyonso kulibe.

Wina akundiopseza kuti amwaza zithunzi zanga zamseri ndikapanda kumupatsa ndalama.

Musalipire. Wolipidwa kamodzi amabweranso, ndipo mtengo umakwera. Musafufutenso mameseji ake; ajambuleni sikirini, nambala yake ndi tsiku zioneke, kenako mumutseke. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza, kuopseza ndi kulondalonda munthu pa intaneti, komanso kusunga kapena kumwaza zithunzi zolaula za ana. Pa polisi pali Victim Support Unit, komwe nkhani zotere zimamvedwa pambali. Ngati wokhudzidwa ndi mwana, nambala yothandiza ana ya 116 ndi yaulere.

Kwa makolo ndinene ichi: mwana akaulula, musayambe ndi chikwapu. Woopsezayo mphamvu zake zonse zili pa mantha amene mwanayo ali nawo pa inu. Ndipo inu amene chithunzi chafika pagulu lanu, kuchitumiza kwina ndi kulowa nawo m'mlanduwo.

Mauthenga a pagulu oti damu laphulika kapena kwabwera anthu oopsa, ndidziwa bwanji oona?

Funsani kuti wanena ndani, liti, kuti. Uthenga wa mawu wopanda dzina, woyamba ndi "abale anga, tumizani kwa aliyense," usapitirire pa inu. Zithunzi za madzi osefukira a chaka china zimabweranso chaka chilichonse ngati za dzulo, ndipo masiku ano makina akutha kupanga chithunzi ndi mawu a munthu amene sanalankhule n'komwe. Chenjezo la nyengo limachokera ku nthambi yoona za nyengo, ndipo limamveka pa MBC, pa Zodiak ndi pa wailesi za m'dera monga Nyanthepa ndi Gaka FM. Chenjezo loona la madzi limveredwe msanga, n'chifukwa chake abodza amalakwa kawiri: amathamangitsa anthu pachabe, kenako loona likabwera anthu sasuntha. Mphekesera za anamapopa mu 2017, zimene zinayambira cha ku Mulanje ndi Phalombe n'kufalikira m'maboma ena a kumwera, zinaphetsa anthu osalakwa.

Ndapusitsidwa kale, ndalama zapita. Pali chimene ndingachite?

Changu ndicho chofunika, pakuti mbava zimatapa kapena kusamutsa ndalama m'mphindi zochepa. Imbirani kampani ya foni kapena banki nthawi yomweyo, muwapatse nambala imene munatumizako, kuchuluka kwa ndalama, nthawi, ndi nambala ya umboni imene ili mu meseji. Ngati ndalama zikadali mu akauntiyo, akhoza kuziimitsa. Sinthani PIN. Kanenenni ku polisi ngakhale ndalamazo zikhale zochepa, chifukwa nambala imodzi ikadandauliridwa ndi anthu angapo pamakhala poyambira. Ngati kampani sikukuthandizani pa dandaulo lanu, bungwe la MACRA ndi limene limayang'anira makampani a mafoni, pamene Reserve Bank of Malawi imayang'anira mabanki ndi ntchito zotumiza ndalama.

Sindikunamizani, zambiri sizibwerera. Komabe auzeni a pabanja ndi a pagulu lanu mmene zinayendera, mawu enieni amene anagwiritsa ntchito, ngakhale zikuchititsa manyazi; aphunzitsi, abusa ndi ma ejenti omwe anagwapo m'misampha yomweyi. Ndipo yembekezerani foni yachiwiri. Pakapita masiku angapo pamaimba wina, akuti ndi wapolisi kapena wa ku kampani, wakuba uja wagwidwa, ndalama zanu zapezeka, mungotumiza ya mafuta a galimoto kapena yotsegulira fayilo. Ndi gulu lomwe lija, ndipo nambala yanu anaisunga chifukwa munalipirapo kale. Mufunseni dzina ndi polisi imene ali, mudule foni, mupite pa polisipo ndi miyendo yanu.